Utsi wa kwa Eni

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Kawayilesi anaima kutsogolo, pafupi ndi bolodi, makutu akutentha, osadziwa pomwe walakwitsa.

Dzina limeneli mtsikanayu anamupatsa ndi anzake ali Fomu 1, chifukwa panalibe nyimbo yatsopano imene inkamudutsa. Ikatuluka m'mawa, pofika madzulo iye anali ataisunga kale m'mutu, mawu ake ndi kavinidwe kake komwe. Choncho pamene Madamu ophunzitsa ndakatulo ananena kuti aliyense asankhe nyimbo imodzi kuti adzaimasulire pamaso pa anzake, Kawayilesi anaona ngati amupatsa malikisi aulere. Anasankha nyimbo imene inkamveka paliponse masiku amenewo, m'minibasi, m'malo ometera, m'mafoni a anthu. Ng'oma yake inali yoti ngakhale wodwala mwendo ankagwedezako phewa.

"Tabwereza ndime yoyambayo," anatero Madamu, akugogoda tebulo kuti phokoso lithe.

Kawayilesi anainena mawu okha, osaimba:

"Tiyi wawira, shuga wakwana,
bulangete lauma padzuwa.
Tseka zenera, wokondedwa,
utsiwo ndi wa kwa eni."

"Ndiye ukuti utsiwo ndi wa chiyani?"

"Ndi wa zinyalala, Madamu. Aneba akuwotcha zinyalala, ndiye mwamunayo akuuza mkazi wake kuti atseke zenera, bulangete lingamve fungo. Ndi nyimbo ya chikondi. Ikutiphunzitsa kukhutira ndi zomwe tili nazo."

Anzake anasekanso. Madamu okha sanaseke. "Pitiriza ndime yachiwiri."

"Kukugunda kuseri kwa mapiri,
tiziti ndi mvula, tigone.
Nsapato imodzi yatsala pamsewu,
mwini wake sitimudziwa."

"Nanga nsapatoyo?"

"Mwina... mwina wina anaitaya pothawa mvula."

Madamu anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Mwana wanga, iwe wamva ng'oma, mawu sunawamve. Ine sindikuuza tanthauzo lake. Ubwere Lolemba udzatiuzenso."

Poweruka, mnyamata wina wa m'kalasi mwawo, yemwe ankamutcha Profesa chifukwa cha magalasi ake akuluakulu, anamupeza pageti.

"Aneba ako amawotcha zinyalala mpaka mapiri kugunda?" anamuseka. "Nyimbo imeneyo ndi ya nkhondo, iwe. Kugundako ndi mabomba."

"Nkhondo? Pa ng'oma yokoma chonchija? Wawerenga kwambiri, Profesa, mutu wayamba kutentha."

"Ukaimvetsere bwino."

"Ngakhale itakhala ya nkhondo, zimenezo n'zakutali. Ife zikutikhudza pati?" anatero Kawayilesi, n'kubaya mahedifoni m'makutu.

Loweruka lililonse Kawayilesi ankathandiza kusaluni kwa mayi ake. Kanali kachipinda kopanikizika, pakati pa telala ndi malo okonzera mafoni. Munali magalasi awiri akuluakulu, lina losweka pakona, mipando yapulasitiki, beseni lochapira tsitsi ndi chowumitsira tsitsi chimene chinkalira ngati njuchi zolusa. Mapaketi a meshi ankalendewera pamisomali. Pamwamba pa chitseko panali tivi, koma mawu ake ankakhala otseka nthawi zonse, chifukwa makasitomala ankakonda nyimbo za pasipika. Tiviyo inkangoonetsa zithunzi, ngati munthu wolankhula kuseri kwa galasi.

Woluka tsitsi wamkulu pamalopo anali mayi wina wamtali, wofatsa, yemwe aliyense ankamutcha Anti Zala chifukwa zala zake zinkathamanga pamutu pa munthu mpaka diso kulephera kuzitsata. Anti Zala anabwera kuchokera kudziko lakutali Kawayilesi ali kupulayimale. Chilankhulo anachiphunzira momwemo musaluni, mpaka kufika pomaseka nawo nthabwala za makasitomala. Kawayilesi ankadziwa kuti iwo ali ndi mwana wamkazi kwawoko, chifukwa chithunzi chake chinkaoneka foni yawo ikayaka. Kupitirira apo sankadziwa kanthu, ndipo sanafunsepo.

Loweruka limenelo Anti Zala sanali monga mwa masiku onse. Anayankha moni ndi mutu wokha. Foni anaiika pafupi ndi zipeso, ndipo akaluka pang'ono ankaitola, kuiika kukhutu, n'kuibwezanso. Kawayilesi anaziona, koma mutu wake unali pa za Lolemba. Analumikiza foni yake kusipika, n'kuika nyimbo ija kuti izingobwereza.

"Iwe, sipikayo ilibe nyimbo ina?" anafunsa mayi ake, ali kalikiliki kuchapa tsitsi la kasitomala.

"Ndi homuweki, Mayi."

"Homuweki yovina? Sukulu za masiku ano!"

Pampando wa Anti Zala panali mayi wina wonenepa, wolankhulalankhula, amene ankafulumira kuti akafike kuphwando madzulo. Mutu wake unali utalukidwa mbali imodzi. Mwadzidzidzi zala za Anti Zala zinaima. Maso awo anali pamwamba pa chitseko.

Pativi pankaoneka utsi wakuda ukufuka pamwamba pa nyumba. Anthu ankathamanga mumsewu, ena atasenza matiresi, ena atanyamula ana.

"Kawayilesi, takweza mawu a tivi," anatero Anti Zala.

Rimoti inali pamiyendo pa mtsikanayo. "Dikirani pang'ono, Anti. Nyimbo ithe kaye, ndikufuna ndimve bwino apa."

"Takweza, mwana wanga."

"Aa, Anti, n'zomwezomwezo zankhondo, tsiku ndi tsiku. Zimangotopetsa."

"Wanena zoona mwanayu," anathirirapo ndemanga mayi wa kuphwando uja. "Tasintha, iwe. Zinthu zimenezi zimandichotsera chilakolako cha chakudya, pamene ine lero ndikufuna ndikadye mpaka lamba kuduka."

Kawayilesi anaseka, n'kudina batani. Utsi uja unazimiririka, m'malo mwake munabwera mkazi womwetulira akutsatsa sopo wochapira.

Chipeso chinagwa pansi. Anti Zala, amene sanakwezepo mawu pa munthu chibwerere pamalopo, analumpha n'kutsomphola rimoti m'manja mwa Kawayilesi. Chifukwa cha changu anadutsa siteshoni ija, n'kubwereranso. Ataipeza, nkhani ija inali itatha. Pankaoneka anyamata akusewera mpira.

"Unali msewu wathu," anatero Anti Zala. "Ndaona sitolo yobiriwira ija. Ndaona mpopi pomwe tinkatunga madzi. Kuseri kwa sitoloyo ndi komwe kumakhala mng'ono wanga ndi mwana wanga."

Chowumitsira tsitsi chinazimitsidwa. Chokhacho chimene chinkamvekabe inali sipika, ng'oma ikugunda mosangalala, woimba uja akuti tiziti ndi mvula, tigone. Kawayilesi anagwira foni kuti aizimitse, koma zala zinkaterera, ndipo m'malo mozimitsa anakweza. Mayi ake anapita kukhoma n'kuzula chingwe.

"Achemwali, bwanji osanena?" anafunsa mayi a Kawayilesi, atawagwira paphewa.

"Ndikananena chiyani? Foni yawo inasiya kulowa Lachitatu. Ndimati mwina ndi magetsi. Ndimati mwina ndi netiweki." Anti Zala anakhala pampando wapulasitiki. "Mwanayo ndinamusiya kuti amalize sukulu kaye. Ndinati akalemba mayeso ndidzamutenga."

Mnyamata wokonza mafoni atamva nkhaniyi anabwera n'kuwathandiza kupeza kanema uja pa intaneti. Onse anaunjikana pafoni. Utsi uja unabweranso, sitolo yobiriwira, mpopi, anthu othamanga. Chakumapeto kunadutsa mtsikana wovala diresi yachikasu, akuthamanga chotembenukira kwina, atagwira dzanja la kamwana.

"Imitsa pamenepo!" anakuwa Anti Zala. "Kulitsa!"

Anakulitsa chithunzicho mpaka mtsikanayo anasanduka timadontho tachikasu. Nkhope sinkaoneka. Anti Zala anayang'anitsitsa, mphuno ili pafupi kugunda galasi la foni.

"Ndi iyeyu?" anafunsa mayi a Kawayilesi.

"Msinkhu ndi womwewu. Koma diresi imeneyi sindikuidziwa." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndingaidziwe bwanji? Zovala zomwe ndimazidziwa ine zinamuchepera kalekale."

Mayi wa kuphwando uja anasendera pafupi, mutu uli mbali imodzi yoluka, ina yanyankhalala. Kenaka analankhula motsitsa, mosiyana ndi poyamba. Anati akudziwa ofesi ina mutauni imene imathandiza anthu kufufuza abale awo osowa kumadera a nkhondo, ndipo anafotokoza njira yake.

"Pita nawo," anatero mayi a Kawayilesi kwa mwana wawo. "Asayende okha. Mutuwu ndimaliza ndine."

M'minibasi, Kawayilesi anakhala mopanikizana ndi Anti Zala. Dalaivala anatsegula wayilesi, ndipo pasanapite nthawi nyimbo ija inayamba. Kondakitala ankaimba nawo, akumenya chitseko ndi chikhatho. Mtsikana wina kutsogolo ankagwedeza mapewa monga momwe Kawayilesi ankachitira dzulo lake lomwe. Iye anayang'ana pansi, pansapato zake.

Ofesi ija anaipeza, koma geti linali lokhoma. Mlonda wachikulire anatuluka m'kanyumba kake, nawamvetsera mwaulemu mpaka kumaliza.

"Pepani kwambiri, mayi. Loweruka sagwira ntchito. Mubwere Lolemba m'mawa."

"Palibe nambala yoti tingaimbe?" anafunsa Kawayilesi. "Bambo, chonde, ndi nkhani ya moyo."

"Nambala ilipo, mwana wanga, koma foni yake ili patebulo m'katimo. Ikhala ikulira yokha."

Kawayilesi anagwira zitsulo za getilo n'kusuzumira. M'kati munali udzu wotchetcha bwino, maluwa, ndi mpopi wothirira ukuzungulira wokha. Anti Zala anamukoka pamkono. "Tiye. Bamboyu si wolakwa."

Lamlungu m'mawa Kawayilesi anadzuka mochedwa, mutu ukulemera. Dzuwa linali litalowa kale pazenera. Mng'ono wake ankaonera makatuni pabalaza, akuseka yekha. Mayi ake anamuikira kapu ya tiyi ndi buledi patebulo, koma iye anangokhala n'kumayang'ana nthunzi ikukwera.

"Uzizira tiyiyo."

"Sindikufuna, Mayi."

"Wadwala?"

"Ndingamwe bwanji? Mwana wa Anti mwina sanadye chiyambire Lachitatu. Mwinanso..." Sanamalize.

Mayi ake anakoka mpando n'kukhala. "Ukapanda kumwa tiyiyu, mfuti kumeneko zisiya kulira?"

"Ayi."

"Ndiye imwa."

"Ndiye basi? Tizingomwa tiyi?" Misozi inali italengeza. "Ine ndinasintha siteshoni, Mayi. Anandipempha kawiri. Akanamva zomwe ankanena pativi, mwina akanadziwa komwe anthuwo akuthawira."

"Mwina akanadziwa, mwina ayi. Unalakwa, ndipo ukudziwa. Koma rimoti ija tonse takhala tikuidina, mwana wanga. Ndani anatseka mawu a tivi ija poyamba? Si ine?" Anapumira m'mwamba. "Munthu ndagwira naye ntchito zaka zonsezi, koma ngakhale dzina la tauni yakwawo sindilitchula bwino."

Kawayilesi anamwa tiyi uja. Unali wokoma monga mwa masiku onse, ndipo zimenezo n'zomwe zinamupweteka kwambiri.

Lolemba, Madamu atamuitana, anapita kutsogolo wopanda pepala. Anzake anayamba kumwetulira, kudikira nthabwala ina ya aneba ndi zinyalala.

"Nyimbo iyi si ya chikondi," anayamba. "Ndi ya anthu awiri amene ali m'nyumba yabwino. Ali ndi tiyi, ali ndi bulangete. Kutali kukuphedwa anthu, ndipo iwo akudziwa. Utsi akuuona, kugunda akukumva. Akanakhala kuti sakudziwa, sakanati tiziti ndi mvula. Munthu amati tiziti pamene akudziwa kuti si choncho."

"Ndinanena ine!" anatero Profesa kumbuyo.

"Unanena kuti ndi ya nkhondo," anayankha Kawayilesi, osatembenuka. "Koma nkhondoyo m'nyimbomo simuoneka. Amene akuoneka ndi otseka zenerawo. Nyimboyi ndi ya iwowo. Ndi ya ine."

Wina anayamba kuseka, koma ataona nkhope yake analeka.

"Nanga ng'oma yosangalatsayo?" anafunsa Madamu. "Bwanji woimbayo sanaike nyimbo yachisoni?"

"Ndikuganiza kuti anachita dala. Ankafuna tivine, kuti tsiku lina tikadzamva mawuwo tidzadzipeze tili pakati pa kuvina. Ine zinandichitikira Loweruka." Anafotokoza mwachidule za musaluni, za rimoti, za mtsikana wa diresi yachikasu. Sanadzichepetsere mlandu.

Mtsikana wina wa kutsogolo anakweza dzanja. "Ndiye woimbayo akufuna tichite chiyani? Ife ndife ana asukulu. Nkhondo sitingailetse."

Onse anayang'ana Kawayilesi. Iye anayang'ana Madamu, koma Madamu nawonso ankadikira yankho lake.

"Sindikudziwa," anatero. "Nyimboyo sinena. Ndaimvera mpaka kumapeto, ndafunafuna, yankho mulibe."

Profesa anavula magalasi ake n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero Madamu mofatsa. Anaima kanthawi atagwira choko, ngati akufuna kulemba kanthu pabolodi, kenaka anachibweza patebulo n'kuitana wotsatira.

Ataweruka, Kawayilesi anathamangira kusaluni. Mpando wa Anti Zala unali wopanda munthu.

"Anapita kuofesi kuja m'mawa," anatero mayi ake. "Kumeneko alemba dzina la mwana ndi la mng'ono wawo, n'kuwauza kuti adikire. Akuti anthu ofunafuna abale ndi ambiri. Ndawauza kuti akapume."

"Amakhala kuti?"

Mayi ake anamuyang'ana, kenaka anamulongosolera njira, n'kumupatsa chakudya m'kontena kuti akawapatse.

Anti Zala ankachita lendi kachipinda kamodzi kuseri kwa malo owotcherera zitsulo. Kawayilesi anali asanafikeko n'kale lonse. Munali bedi, mbaula yamagetsi, ndowa ziwiri ndi katebulo. Pakona panali matiresi ena atsopano, adakali m'pulasitiki yake, ataimikidwa kukhoma. Iye sanafunikire kufunsa kuti ndi a yani.

Anawapeza atakhala pabedi, foni ili kukhutu. Mawu a mkazi wa pamakina ankamveka pang'ono, akunena zinthu m'chilankhulo chachilendo.

"Akuti chiyani, Anti?"

"Akuti nambalayi sikupezeka, ndiyesenso nthawi ina." Anadula n'kuimbanso. Maso awo anali ofiira, milomo youma.

Kawayilesi anaika kontena patebulo n'kugwada pafupi ndi bedi. "Anti, mundikhululukire za Loweruka zija."

"Dzuka, iwe. Pansipa pali fumbi." Anamugwira dzanja n'kumukhazika pambali pawo. "Inenso tivi ndinkaisintha ndili kwathu. Nkhondo zinkachitika kwa anthu ena, ife tikuluka tsitsi. Ndinkati, kalanga, kenaka ndikupitiriza kuluka."

"Ndichite chiyani, Anti? Ndiuzeni chilichonse."

"Palibe, mwana wanga. Ine mayi wake ndikusowa mtengo wogwira, ndiye iwe ungatani?"

Panja makina owotcherera zitsulo ankalira, kuwala kwake kukuthwanima pakatani. Kawayilesi anayang'ana chakudya chija, anayang'ana foni.

"Ndipatseni foniyo. Ndiziimba ine, inu muzidya."

Anti Zala anazengereza, ngati akuopa kuti akaisiya ndi pomwe iyankhidwe. Kenaka anaipereka. Pagalasi panaoneka nkhope ya mtsikana wa mpata pakati pa mano, akuseka, dzuwa likumuthobwa m'maso. Kawayilesi anadina nambala. Mkazi wa pamakina uja anabwereza mawu ake. Anadula, n'kudinanso.

"Ali Fomu chani, Anti?"

"Monga iweyo. Munabadwa chaka chimodzi."

"Amakonda chiyani?"

Anti Zala anasiya supuni m'mwamba. Anamuyang'ana Kawayilesi. Chibwerere m'dziko lino, palibe amene anawafunsapo funso limenelo.

"Amakonda kuthamanga," anatero pomaliza. "Kusukulu kwawo palibe mnyamata womupeza. Ali wamng'ono ndinkati ndikamutuma kusitolo, ndisanatembenuke wabwera kale, mchere uli m'manja, theka watayika panjira." Anaseka pang'ono, misozi ikutsika. "Ndipo safuna kulukidwa tsitsi. Tangoganiza, mwana wa ine! Ndikatenga chipeso, iye ali kale pamtengo."

"Ngati amathamanga choncho..." anayamba Kawayilesi, koma anadziletsa. Sanafune kulonjeza chimene sakuchidziwa.

"Eya," anatero Anti Zala. "Inenso ndimaganiza zomwezo."

Mawu a pamakina anamvekanso, aulemu, osatopa. Kawayilesi anadula.

"Pitirizani, Anti. Atakwera pamtengopo, inu munkatani?"

Anti Zala anatapa chakudya, n'kuyamba kufotokoza. Kawayilesi anamvetsera ndi khutu limodzi, linalo ataligunditsa pafoni, ndipo anadinanso nambala ija.